Njira Yachidule ya kwa a Mwafulirwa

Kompyuta ya Amayi Simwaka inali ndi batani limodzi lakufa. Linali la kamzere kopendekera kumbuyo, kamene kamalekanitsa mayina a zipinda za m'kompyuta ukamauza makina kumene ukufuna kupita. Ukalidina linkangolowa n'kutuluka, pa sikirini osaoneka kanthu. A Gilford ankati linafa ndi tiyi wa mtsikana amene ine ndinalowa m'malo mwake, ndipo ankanena zimenezi akuyang'ana kapu yanga.

Ofesi yathu inali kachipinda kumbuyo kwa golosale, pafupi ndi msika wa Kawale. Chinali chaka cha 1996. Tinkataipira anthu makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, ndi malamulo a timabungwe timene tinkabadwa ngati bowa nthawi imeneyo. Amayi Simwaka anali atapuma pa ntchito ya usekilitale, ndipo ankakhala pa tebulo la pakhomo kulandira anthu. A Gilford ndiwo anali katswiri, wa setifiketi ndi tayi. Ine ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo Amayi ananditenga moyesa. Anati andiona kaye kagwiridwe kanga mpaka mvula itagwa, kenako anena ngati ndikhale kapena ndipite. Kwathu ku Chinsapo, mayi anga anali atauza kale anzawo onse a pa mpopi kuti Tionenji akugwira ya makompyuta.

A Gilford ankafuna malowo apite kwa mlamu wawo Maness. Sankabisa.

Makina athu analibe zithunzi zodina. Ukayatsa unkapeza mdima ndi kamzere kophethira, kudikira kuti ulembe lamulo. Ntchito za anthu zinkasungidwa m'zipinda, ndipo a Gilford anamanga zipindazo china mkati mwa chinzake: NTCHITO, mkati mwake MIPINGO, mkati mwake AREA25, mkati mwakenso dzina la munthu. Batani lija likanakhala lamoyo, bwenzi ukulemba njira yonse pa mzere umodzi. Koma poti linafa, unkalowa chitseko chimodzi chimodzi. CD NTCHITO. CD MIPINGO. Ukafuna kuchoka kwa munthu wa mpingo kupita kwa munthu wa ukwati, unkatuluka chammbuyo, CD ndi timadontho tiwiri, mobwerezabwereza mpaka kufika pabwalo, kenako n'kuyambanso kulowa kwina. Ukaphonya chilembo, makina ankakuyankha m'Chingerezi kuti chipinda chotero kulibe. Nthawi yonseyi mwini ntchito ali chilili kumbuyo kwako, akupumira pakhosi pako.

"Wasocheranso?" ankatero a Gilford. "Nanga ku Chinsapo mumapeza bwanji nyumba zanu? Kapena mumangolowa paliponse pamene pali potsegula?"

Anthu ankaseka. Ine ndinkayang'ana zala zanga.

Pansi pa pulinta panali buku lonenepa lopanda chikuto, limene analiika kuti pulinta isamagwedezeke. Masana a Gilford akapita kukadya chipisi pa chiwaya, ndinkalisolola. Mmenemo ndinapeza zinthu ziwiri. Choyamba, kamzere kakufa kaja kankatheka kulembedwa podutsira kwina: ukagwira batani la ALT n'kudina 9 ndi 2 ku manambala a kumanja, kankatulukira. Chachiwiri, munthu ankatha kulemba njira yonse yaitali kamodzi kokha m'kafayilo kakang'ono, n'kukapatsa dzina. Kuyambira pamenepo ukangolemba dzinalo, kaya uli chipinda chiti, makina ankakunyamula n'kukakutula kumene ukufuna.

Tsiku limene ndinayesa koyamba, ndinatembenuka kuona ngati wina waona. Amayi Simwaka ankasinza pa tebulo lawo. Ndinabwereza, kuchokera ku chipinda china chakutali, ndipo ndinafikanso pomwepo. Ndinamva ngati ndapeza kampata pa mpanda kamene anthu onse akhala akukadutsa osakaona.

Vuto linali mayina. Makina sankalola dzina lopitirira zilembo zisanu ndi zitatu, komanso tinali ndi a Phiri angapo ndi a Banda angapo. Ndipo ine mayina a anthu sandikhala m'mutu. Chiyambire ku pulayimale sindinali wolankhula. Ndinkangoyang'ana anthu, n'kumawapatsa mayina anga mumtima, osauza aliyense. Choncho ndinangotenga omwewo. Mayi wina wa makadi a ukwati, wokonda madiresi a madonthomadontho, anali NKHANGA. Bambo wa bungwe la achinyamata amene ankayenda mogwedeza thako anali BAKHA. A Gilford anali ndi chipinda chawochawo chimene ankasungamo makalata awo ofunsira ntchito kwina, ndipo iwo anali NKHUPAKU, poti nkhupakupa sinakwane.

Ndiye panali a Zebedee Mwafulirwa, mlembi wa mpingo wina wa ku Area 25. Mpingo wawo ndiwo unkatipatsa ntchito yambiri kuposa wina aliyense. Anali bambo wa ku Karonga, wamfupi, wa maso aakulu obulungira. Ukawaitana ankatembenuza mutu wokha, mapewa ali pomwepo. Kawirikawiri chimene ankabweretsa chinali pulogalamu ya maliro a Mkhristu wina. Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinawerenga zilembo pa zala, zinakwana ndendende.

Ntchito inayamba kuthamanga. Munthu asanamalize kunena chimene wabwerera, ine ndinali nditalemba dzina lake, ndafika, ndapukuta sikirini. Amayi Simwaka anayamba kunditchula dzina m'malo mwa "mtsikana iwe." Tsiku lina anandigulira sikono ku golosale.

A Gilford anasiya kundiseka. Anayamba kukhala pambali panga ndi nyuzipepala, koma maso awo sanali pa nyuzipepalapo.

"Zala zathamanga masiku ano," anatero tsiku lina.

"Ndazolowera, achimwene."

"Wazolowera." Anapinda nyuzipepala. "Chabwino."

Ine ndinayesa kuti nkhaniyo yatha.

Linali Lachisanu m'mawa pamene a Mwafulirwa analowa atavala jekete yakuda, opanda chikwama chawo cha mapepala. Amayi Simwaka anaimirira, chinthu chimene sankachitira kasitomala aliyense. Anagwirana manja nthawi yaitali akulankhula chinenero cha kwawo chimene ine sindimva, mawu ali pansi. Kenako Amayi anatembenukira kwa ife.

"Ulendo uno ndi achimwene awo enieni, a Enerst. Bere limodzi. Angokomoka dzulo ali ku ntchito, pofika ku chipatala n'kuti atapita. Mapemphero ndi mawa, kenako thupi linyamuka kupita kumudzi."

A Gilford anapepesa, atagwira pachifuwa. Kenako ananyamuka pa mpando wa kompyuta n'kuukokera kwa ine.

"Tionenji, khala. Iwe ndiye wachangu."

Anali asanandipatsepo mpando chiyambire. Ndinakhala. A Mwafulirwa anaima kumbuyo kwanga, kumanja, akupukuta magalasi awo ndi mpango. Ndinadziwa kuti sindingalembe dzina lija iwo ali pomwepo, choncho ndinayamba njira yakale. CD NTCHITO.

"Ayi, ayi," anatero a Gilford, mawu awo ali ofewa ngati a namwino. "Abambo ali pa chisoni, ali ndi zambiri zoti akonze. Dzera kwachidule kuja."

"Ndifika pompano, achimwene."

"Kwachidule kuja, mlongo wanga. Usachite manyazi ndi nzeru zako."

Ndinalemba MIPNGO. Makina anandikana. Ndinafufuta, ndinaphonyanso. A Gilford anawerama pa phewa langa, tayi yawo ikundikhudza khutu, n'kuyamba kudina ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, akutchula mokweza ngati mwana wa Sitandade 1.

"Ka. Dzi. Dzi."

Anasiya mawuwo pa sikirini, osadina batani lomaliza, mpaka a Mwafulirwa atavala magalasi. Kenako anadina. Makina anachita zimene ndinawaphunzitsa. Mzere wonse unatuluka, ndipo kumapeto kwake kunali ZEBEDEE.

"Mwaona nzeru za ana a masiku ano, Abambo? Ife tinkazungulira. Uyu amangoitana kadzidzi, makina n'kumufikitsa kwa inu."

Kunja wina ankatsitsa makireti a mabotolo. Ndinkamva botolo lililonse.

A Mwafulirwa anatembenuza mutu n'kundiyang'ana. Anatembenukira kwa a Gilford.

"Taipani inuyo. Dzina ndi Enerst, osati Ernest. Anthu amalakwitsa."

Ndinachoka pa mpando. Popeza m'kachipindamo munalibe kwina kopita, ndinaima pakona pafupi ndi katoni ya mapepala mpaka anamaliza kutchula nyimbo, mavesi ndi mayina a olankhula. Mawu awo sananjenjemere. Potuluka anauza Amayi Simwaka kuti mapulogalamuwo awatumize kunyumba ya maliro, ndipo Amayi anawaperekeza mpaka pa msewu.

Atabwerako anatseka chitseko, chimene masana sitinkatseka.

"Tionenji. Kwanu kadzidzi akalira padenga mumati chiyani?"

"Timati kuchitika maliro, Amayi."

"Nanga mumati wamutuma ndani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndikufunsa."

"Mfiti, Amayi."

"Munthu mbale wake wafa mwadzidzidzi, wosadwala. Ukudziwa zimene abale amanong'onezana kuseri kwa nyumba munthu akafa chotero? Ukudziwa amene amayamba kumuyang'ana? Ndiye iwe, mu ofesi yanga, pa makina anga, wamulembera."

"Sindinatanthauze zimenezo."

"Unatanthauza chiyani?"

A Gilford anandithandiza.

"Alipo ambiri, Madamu. Mayi Veronica a makadi aja ndi Nkhanga. Ine ndine Nkhupaku. Ndakhala ndikudzifunsa kuti ndi Chichewa cha kuti, kenako ndinazindikira kuti mchira unatsala panja."

"Nanga ine ndine ndani?" anafunsa Amayi.

"Inu mulibe, Amayi."

"Chifukwa?"

"Mulibe chipinda."

A Gilford anaseka mpaka kutsokomola. Amayi sanaseke. Anayang'ana a Gilford mpaka anasiya.

"Inunso a Gilford, mwadziwa liti zimenezi?"

"Posachedwapa, Madamu."

"Ndipo munaona kuti tsiku labwino londiuza ndi lero, pamaso pa namfedwa."

"Ndimafuna muone ndi maso anu. Mukanati ndi nsanje."

Amayi anakhala pansi n'kupukuta nkhope ndi chikhato. Ndinkayembekeza kuti awakalipira, koma anangoti, "Chotsani mayina a nyamawo. Njirayo isiyeni, ikufulumizitsa ntchito. Muikepo mayina a anthu." A Gilford anati zimenezo n'zosavuta, anaona kale mmene ndinapangira. Ndipo sankanama. Ndinawaona akutsegula kafayilo kanga koyamba ngati akhala akuchita zimenezi moyo wawo wonse.

"Iwe," anatero Amayi, "mapulogalamu akatuluka, upita nawo ndiwe. Ukagwade, ukapepese. Mpingo uja ukachoka pano, ofesi ino yatha. Akakanena kuti ntchito azibweretsabe, tikambirana za iwe. Akakana, usavutike n'kubwera Lolemba."

Ndinabwereka chitenje kwa a Zaituni a mu golosale, poti ndinali nditavala siketi yokha. Ndinakwera minibasi ya m'tauni, pa depoti n'kukwera ina ya ku Area 25. Envulopu ndinaiika pachifuwa kuti isapindike. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinkawayamba, kuwasintha, kuwayambanso, ndipo pofika potsikira anali atakhala ambiri moti sindinkadziwa loyamba ndi liti.

Nyumbayo sinavute kupeza. Pa msewu anali atayalapo nthambi za masamba, ndipo njinga zinkadutsa eni ake atatsika. Abambo anakhala panja pa mabenchi a ku tchalitchi. M'nyumba amayi ankaimba nyimbo imene ndinkaidziwa mayimbidwe ake koma mawu ake anali a chinenero china. Sindikanatha kupita pakati pa abambo, ndipo m'nyumba sindinkadziwamo aliyense. Ndinagwada pafupi ndi mpanda wa maluwa n'kudikira. Mayi wina wonyamula ndowa anandifunsa kuti ndine wa kwa yani. Ndinati ndachokera kotaipitsa. Anapita kukanong'oneza, ndipo ndinaona mutu wa a Mwafulirwa ukutembenuka.

Anabwera okha. Ndinapereka envulopu ndi manja awiri. Anasolola pepala limodzi, n'kuliwerenga lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, ine ndili chigwadire pa miyala.

"Zili bwino," anatero.

"Abambo, pepani ndi zovutazi." Ndinaweramitsa mutu. "Pepaninso ndi zimene munaona. Ndinalakwa."

"Kweza mawu. Kuno kuli nyimbo."

Ndinabwereza. Abambo awiri a pa benchi yapafupi anasiya kulankhula.

A Mwafulirwa anasendera pafupi, n'kutsitsa mawu awo. "Ndiwe mwana wa mpingo?"

"Eya, Abambo."

"Ndiye undiuze zoona. Dzina lija unandipatsa chifukwa cha nkhope yangayi, kapena chifukwa cha zimene ndimabweretsa?"

Yankho labwino ndinkalidziwa. Nkhope ndi nkhope; munthu akhoza kukwiya, mwinanso kuseka pambuyo pake. Ndikanangoti maso, basi. Koma anali atandiyang'ana, ndipo ine sindinaphunzire kulankhula msanga. Ndinachedwa. Kuchedwako anakuona.

"Poyamba anali maso, Abambo," ndinatero. "Kenako zinazo."

Anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wapeza pa pepala cholakwika chimene amachiyembekezera.

"Zaka zonsezi," anatero, "munthu akafa mu mpingo, ena amathawa, amati ali ku ntchito. Ine ndimayenda. Ku mochale, kwa okhoma bokosi, kwa inu. Ndimayesa ndikuthandiza." Anayang'ana kunyumba kumene kunkachokera nyimbo. "Mlamu wanga m'menemo sanandiyankhe moni chifikireni. Iwe sunali woyamba kuganiza. Unangokhala woyamba kulemba."

"Sindinaganize kuti inu..."

"Imirira, miyala ikupweteka." Ndinaimirira. "Ukawauze Amayi Simwaka kuti ntchito ya mpingo ndizibweretsabe. Iwo sanandilakwire. Koma pepala langa, kapena la Mkhristu wanga aliyense, lisadzadutse m'manja mwako. Ndikadzalowa muja ndisadzakupeze pa makina. Wamva?"

"Ndamva, Abambo."

Anabwerera ku benchi akugawa mapulogalamu kwa akuluakulu. Palibe amene anandiuza kuti ndikhale kapena ndipite, choncho ndinapita.

Mu minibasi yobwerera ndinakhala kumbuyo, pakati pa mayi wa thumba la makala ndi zenera losatseguka. Uthenga unali ndi mbali ziwiri, ndipo Amayi Simwaka anali atafunsa imodzi yokha. Akakanena kuti ntchito azibweretsabe. Ananena. Ndikanakafikitsa mbali imeneyo n'kusiya inayo, sindikananama. A Mwafulirwa akupita ku Karonga, akakhalako mpaka maliro atatha ndi zonse zotsatira. Pobwera mwina mtima utatsika. Mwina ndikanamawaona akubwera pa msewu n'kuthawira ku golosale. Ndinaganiza za mayi anga pa mpopi. Ndinaganizanso za a Gilford, mmene akanadzandiitanira mokoma tsiku limenelo: Tionenji, bwera, Abambo afika.

Nditafika ku Kawale dzuwa linali litapendeka. A Gilford anali pa makina ndi bambo wa bungwe la achinyamata. Ndinawaona akulemba mawu amodzi, makina n'kuwafikitsa. Bamboyo anati koma ndiye mwafulumira, ndipo a Gilford anati ndi luso la ntchito, bwana.

Amayi Simwaka anadikira mpaka kasitomala atatuluka.

"Wawapeza?"

"Eya, Amayi. Ati mapulogalamu ali bwino. Ati ntchito azibweretsabe, inu simunawalakwire."

Amayi anapuma mpweya wautali, mapewa awo n'kutsika. A Gilford sanatembenuke, koma zala zawo zinaima.

"Basi?" anafunsa Amayi.

Ndinayang'ana chitenje cha a Zaituni. Pa mawondo panali fumbi lofiira.

"Atinso pepala la mpingo lisadzadutse m'manja mwanga. Ati asadzandipeze pa makina."

Amayi anayang'ana pa tebulo lawo. Anasuntha sitepula kuchoka kumanja kwa tebulo kupita kumanzere.

"Makina ndi amodzi," anatero. "Chipinda ndi chimodzi. Ndikubise kuti?"

"Ndikhoza kumakhala pakhomo, Amayi. Kudula mapepala, kumata maenvulopu."

"Pakhomo ndi pamene amayamba kuona." Sananene mokalipa. "Ukanatha kundibisira zimenezi. Ndaona. Ndidzakulembera kalata yabwino, udzaitenge sabata yamawa. Udzanene kuti umadziwa makina, chifukwa umawadziwa. Koma kuno ayi."

"Madamu," anatero a Gilford, "ndimuuze Maness abwere Lolemba?"

"Mundisiye kaye, a Gilford."

"Ndimangofunsa. Ntchito yachuluka."

"Ndati mundisiye."

Ndinatenga kapu yanga ndi kambale kanga ka chakudya pa shelefu. Ndinavula chitenje, kuchikung'untha panja, kuchipinda bwinobwino n'kukabweza ku golosale. A Zaituni anafunsa ngati maliro anali ndi anthu ambiri. Ndinati eya, ambiri. Anafunsa ngati ndibweze mabotolo a zakumwa za mu ofesi mawa m'mawa monga mwa masiku onse, ndipo ndinati afunse a Gilford.